Kagalu Komaliza ka Amalume Nakoma

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a amalume anga, a Nakoma. Anthu anabwera ochepa, ndipo ochepawo ankangoseka. Aliyense amene anaimirira kuti anene za malemu, nkhani yake inkathera pa agalu. Mkulu wa mpingo anayesa kukamba zoti amalume anali munthu wopemphera, koma sanapite patali, nayenso anayamba kufotokoza za Lamulungu lina limene amalume anafika mapemphero atatha chifukwa kagalu kawo kanadzuka kakutsegula m'mimba. Ine sindinaseke nawo. Ndinali ndi mkwiyo wosadziwa woupatsa, ndipo mpaka pano sunandichoke.

Amalume anali achimwene awo a mayi anga. Anakwatira ku Naisi, nakhala kumeneko pa ukamwini mpaka imvi. Mkazi wawo atamwalira, akuchikazi anawasudzula, iwo nabwerera kwathu kuno kwa Malemia ndi njinga, mphasa, khasu ndi agalu awiri. Madimba ndi minda ya mpunga zinali zitagawidwa kalekale kwa ife ana aakazi. Chotsala chinali munda wakumtunda kwenikweni, patsinde pa phiri, pomwe chimanga chimathera ndipo thengo limayambira. Nthaka yake ndi yakuda, yabwino, koma palibe ankaufuna, chifukwa anyani akamatsika kuphiri amayambira pamenepo. Amalume anauyendera kamodzi, nati mundawo ulibe vuto, ungofuna galu wa miyendo.

Mawu amenewa, galu wa miyendo, ndi amene ankawasiyanitsa ndi mudzi wonse. Kwa ife galu wabwino ndi waukali, wouwa mpaka mlendo aime patali n'kuodira. Amalume ankati nyani saopa phokoso, poti naye ali nalo lake. Chimene amaopa ndi galu amene angamupeze asanafike pathanthwe. Ndipo ankati miyendo yotero kagalu sikabadwa nayo yokwanira, imamangidwa ndi zimene kakudya m'miyezi yake yoyamba. Ukalakwitsa pamenepo, palibenso pena pokonzera.

Agalu awo anali ofiira, a chifuwa choyera, aatali miyendo. Mtunduwo unabwera ndi bambo awo kuchokera ku Mozambique, kagalu kakakazi kali m'dengu pamutu, anthu akudutsa m'madambo a ku Chilwa. Kuyambira pamenepo mtunduwo sunaduke. Chilomwe cha bambo awo amalume anali atachiiwala pafupifupi chonse, koma poitana agalu ndi powauza zochita kumunda ankalankhula chimenecho. Ife sitinkamvapo kanthu. Agaluwo ankamva.

Anali ndi kamtondo kawokawo, kofika m'bondo, ndi kamunsi kake. M'kamtondo kameneko simunkalowa nsinjiro kapena chilichonse cha anthu. Ankasinjamo matemba ouma a ku Chilwa, mitu ndi minga yomwe, mpaka asanduke ufa, pamodzi ndi zigoba za mazira zowamba pamoto. Ufawo ankauthira m'phala la mgaiwa. La ufa woyera ankalikana, ankati chimenecho ndi chimanga chochapidwa mphamvu yonse. Mbuzi ikakhala ndi mwana ankakama pang'ono n'kuthiramo, nyengo ya maungu ankaphwanyiramo chibenthu. Mchere ayi, anyezi ayi, fupa la nkhuku ayi. Kagalu kankadya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, m'phale lakelake, phala litazizira mpaka iwo atapisamo chala.

M'mawa uliwonse munthu wamkulu ameneyu ankazungulira kuseri kwa nyumba ali ndi kamtengo, kukatokosa chimbudzi cha tiagalu kuti aone mmene chakudya chadzulo chayendera. Ana ankawaseka poyera, iwo osalabadira. Akatero ankanyamula kagalu n'kukasisita m'nthiti. Nthiti zikamaoneka ndi maso, ndiye kuti kakuperewera chakudya. Zikapanda kumveka ndi chala, ndiye kuti kanenepa mopitirira, ndipo thupi lilemera miyendo isanalimbe. Mimba ikatupa, ankapalasa njinga kupita kwa a vetenale kukatenga mankhwala a njoka za m'mimba. Mankhwala a iwo eni sindinawaonepo akuwapalasira njinga.

Kwathu kuno galu saphikiridwa. Amadya mkute, nkhoko, gaga, ndi zina zimene sindingazilembe. Ndipo aliyense amadziwa njira yopangira galu waukali. Umamuyamba ali wamng'ono. Umasinja chisa cha mavu ndi mavu ake omwe, kusakaniza ndi tsabola wa kambuzi, n'kuthira m'gaga. Umamuvundikira pansi pa dengu kuti asazolowere anthu, ndipo sumukhutitsa, kuti njala izimuuwitsa. Amuna anga, a Layisoni, anakula akuona bambo awo akuchita zimenezi, ndipo kwa iwo imeneyi si nkhanza, ndi ntchito ngati kufula mbuzi. Tsiku lina anafika kwa amalume, agalu n'kuwalandira akupukusa michira.

"Apongozi, agalu anuwa ndi ofatsa zedi," anatero. "Mlendo akubwera, iwo akumuvinira. Bwanji osawathirako mavu?"

"Akamwini," amalume anayankha osatukula mutu pa kamtondo, "kodi amene amathyola chimanga changa ndi mlendo?"

Nanenso ndinakangana nawo, ndipo mkangano wanga unali woipa kuposa umenewo. Munali m'chilala cha 1992, chaka chimene tinadya chimanga chachikasu cholandira. Ndinawapeza akuswera dzira m'phale la galu, pamene mwana wanga woyamba anali ndi zilonda m'mbali mwa kamwa. Ndinakuwa mpaka oyandikana nafe anatuluka.

"Malume, dzira? Kwa galu? Mdzukulu wanu chaka chino dzira sakulidziwa!"

"Esinati, nkhuku yaikira awiri. Lako lili m'chipanda umo, katenge," anatero mofatsa. "Koma ameneyu ndi amene adzalondere chimanga choti mwana wakoyo adzadye. Munda wako uli kumunsi kwa wanga. Wakhala ukuganiza kuti anyani amakulemekeza?"

Dziralo ndinatenga, koma ndinakhala nthawi osawapatsa moni. Zoti ankanena zoona ndinkadziwa. Zaka zonse zimene amalume ankalima kumtundako, ife akumunsi tinkakolola osagona m'munda. Koma munthu ukakhala ndi mwana wodwala, choonadi cha mtundu umenewo sufuna kuchimva.

Chilala chimenecho agalu anachipirira. Chimene chinawamaliza ndi chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Anthu a njinga amene ankabwera ndi madengu a matemba anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu. Usipa wochokera kutali unkapezeka pamsika, koma ife sitinkaufikira. Galu wamphongo anali atafa kale ndi bala la nyani. Wotsala anali wamkazi, Lekani, wokalamba, ndipo m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho anaswa ana ake omaliza. Mkaka unamuuma msanga. Tiagalu tinafa kamodzikamodzi, iye mwini n'kutsatira, ndipo kanatsala kamodzi, kakakazi, kamene amalume anakatcha Kafiira. Mtundu wonse wa bambo awo unali utatsala m'kanthu kokwana m'manja awiri.

Apa n'kuti amalume eni akudwala. Miyendo inkatupa, ndipo akayenda pang'ono ankaima kuti apume. Komabe ndi miyendo yomweyo ankatsikira kumtsinje kukatembenuza miyala kufuna nkhanu. M'mawa mame asanaume ankagwira ziwala m'mapesi. Ankapempha mbewa kwa okumba. Zonsezi ankaziwamba, kuzisinja m'kamtondo, n'kuthira m'phala m'malo mwa matemba. Ndiwo zimene ndinkawapititsira ankamwako msuzi wokha, tizidutswa tonse tinkathera m'phale. Nditazindikira ndinawakalipira, iwo anangoti munthu wokalamba alibe fupa loti likule. Ndipo kagaluko kankakuladi bwino, ubweya wonyezimira, miyendo yoongoka, kakuthamangitsa nkhuku pabwalo ponse.

Nyengo yotentha itafika, amalume anagwa pakhomo. Tinawatengera kuchipatala mumzinda, ndipo anawagoneka. Gadiyani ndinali ine, poti panalibenso wina. Tisananyamuke, ali panjinga ya a Layisoni akupuma movutikira, amalume anaitana a Layisoniwo pafupi. Anawaonetsa chitini cha ufa wa nkhanu ndi ziwala, anawauza za mgaiwa, za mazira, za madzi oyera m'phale, ndi zoti kagalu kazisewera padzuwa. A Layisoni anavomera zonse ndi ulemu.

"Musadandaule, apongozi," anatero. "Pobwera mudzapeza galu weniweni."

Tinkaganiza kuti tikakhalako pang'ono. Tinakhala mpaka mvula inagwa, anthu anadzala, chimanga chinamera. M'chipatalamo amalume sankafunsa za nyumba kapena za mbuzi. Aliyense wochokera kumudzi ankamufunsa funso limodzi, loti kagalu kakudya chiyani, ndipo palibe ankadziwa, chifukwa ndani amayang'ana zimene galu wa eni akudya? A Layisoni atabwera kudzazonda anafika ndi nkhani zabwino. Munda wakumtunda anali ataulima ndi kuudzala okha. Kagalu nakonso kanali katayamba kale kuuwa anthu. Amalume anathokoza za munda. Alendo atapita amalume anandiuza chapansipansi kuti kagalu ka msinkhu umenewo sikauwa anthu, kamafuna kusewera nawo. Madzulo amenewo phala lawo sanalikhudze.

Tsiku lotuluka tinatsika minibasi pamsewu, a Layisoni n'kuwakankha panjinga mpaka kumtunda. Anali masana. Amalume sanalowe m'nyumba. Anaima pabwalo atatsamira ndodo, naitana m'chilankhulo cha bambo awo. Palibe chinathamanga. Kubangula kunachokera pakhonde, pansi pa dengu lopsinjidwa ndi mwala. A Layisoni anachotsa mwalawo akumwetulira, ngati munthu wovundukula mphatso.

Chimene chinatuluka sindidzachiiwala. Mutu unali waukulu, mimba yotupa, nthiti zonse pamtunda, ubweya utathothoka pamsana. Miyendo yakutsogolo inali itapindikira kunja, mfundo zake zitatupa, moti kankayendera m'mbali mwa mapazi. Maso kankatsinzina chifukwa cha kuwala. Amalume anagwada pang'onopang'ono, natambasula dzanja, ndipo Kafiira kanawaluma pachikhatho mpaka magazi.

"Mwaona?" a Layisoni anatero mokondwa. "Ngakhale inu amene! Kameneka nyani sadzayerekeza."

Amalume anakhala pansi padothi. Anakagwira pakhosi, kakulirabe, nakaika pamiyendo pawo, n'kuyamba kusisita mwendo uliwonse kuyambira paphewa mpaka kuphazi, magazi awo akupaka ubweya. Anachita zimenezo nthawi yaitali.

"Akamwini, mwakhala mukukapatsa chiyani?"

"Ufa wanu uja unatha msanga, apongozi. Mazira tinkapatsa ana. Ndiye ndimakapatsa gaga, ndi mavu pang'ono, ndi kambuzi. Mmene amachitira aliyense."

Ndinkadikira kuti amalume akalipe. Ndinkafuna kuti akalipe, kuti nanenso ndipeze polowera. Koma anangoyang'ana kumunda kumene chimanga chinali chitafika m'bondo, mizere yoongoka bwino, ntchito ya munthu yemweyo.

"Zikomo pondidzalira munda," anatero. Ndipo nkhani ya kagalu sanaikambenso ndi a Layisoni mpaka kumwalira.

Anayesa kukonza, ngakhale iwo eni ndi amene ankati palibe pokonzera. Ngumbi zinali zitatuluka, ndipo anazisinja. Mazira onse a nkhuku yawo anabwerera m'phale, ndipo ulendo uno sindinanene kanthu. Anamangirira tinsungwi m'miyendo ya kagaluko, kenako anatimasula ataona kuti tikungokachekacheka. A vetenale atakaona anapukusa mutu, nati mafupa aumira pomwepo. Mimba inaphwa, ubweya unamera, kuluma kanasiya, ndipo kanayamba kugona katatsamira phazi la amalume. Koma miyendo sinasinthe. Kakati kathamange, kankapita pang'ono n'kugwa chibwano pansi.

Chimanga chitayamba kukhwima, amalume anayamba kupita kuchilindo, kamsasa kawo kolonderamo kumutu kwa munda. Kafiira sikakanatha kukwera, ndiye ankakabereka kumbuyo ndi nsalu ya malemu akazi awo, iwo akuima paliponse kuti apume. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaonerera. Masiku oyamba zinkaoneka ngati zitheka. Kagaluko kanali ndi mawu aakulu, ndipo anyani, pokumbukira agalu ofiira akale, ankangokhala pamatanthwe akuyang'ana.

Tsiku limene anazindikira ndinalipo, ndinali nditapititsa thobwa. Nyani wamkulu wamphongo anatsika pathanthwe, nayenda pang'onopang'ono mpaka pamzere woyamba, n'kukhala pansi. Amalume analankhula mawu aja a Chilomwe, ndipo Kafiira kanadumpha ndi mtima wonse wa makolo ake. Sikanafike ndi pakati pomwe. Kanagwa, kanadzuka, kanagwanso, kenako kanangokhala pomwepo kakuuwa. Nyaniyo anakayang'ana, nathyola chimanga, nachisenda bwinobwino ngati wagula. Kenako gulu lonse linatsika, aakazi ndi ana kumsana. Amalume anakoka legeni, koma mwala unagwera pafupi. Ine ndinathamangira m'munda ndikukuwa, ndikuponya zibuma, koma anyani saopa munthu wamkazi, ankangosuntha mzere umodzi n'kupitiriza.

"Asiye, Esinati," amalume anaitana. "Aona kale."

Nditabwerera kuchilindo ndinapeza atakatenga kagalu kaja. Anatulutsa mbatata yootcha m'thumba, naisenda, naiphwanya, n'kumakadyetsa m'manja, kumbuyo kwawo mapesi akuthyoka. Ndinalira. Chaka chimenecho m'munda wakuda uja anatolamo dengu losadzaza, ndipo anadya kwa ife.

Chiyembekezo chimodzi chinawatsalira, ndipo ndicho chinawasunga chaka china. Ankati cholakwika chili m'chakudya, sichili m'magazi. Kafiira akadzaswa, ana ake adzabadwa ndi miyendo yoongoka, ndipo iwo adzawalera okha, osapitanso kuchipatala ngakhale atawamanga. Galuyo atatenga bere, amalume anakhala ngati achira. Anatsuka kamtondo, anasunga zigoba za mazira m'chitini, anayamba ndi kuseka komwe. Koma mafupa amene anapindika sanali a miyendo yokha. Nthawi itakwana ana analephera kutuluka. Galuyo anavutika kuyambira m'mawa, amalume atamugwira mutu, ndipo dzuwa lisanalowe anafa, ana ali m'mimba. Anamukwirira okha kuseri kwa nyumba, anakana kuti wina awagwirire khasu.

Kuchokera pamenepo kumunda sanapitenso. Ankakhala pakhonde, osadandaula, osakalipa, kudya zimene wapatsidwa. Ndinawapezera kagalu kwa anzanga ku Domasi, koma anakasisita m'nthiti mwachizolowezi n'kundiuza kuti ndikabweze, iwo nthawi yolera yawathera. Anamwalira chaka chatha, chimanga chili pa ngaiyaye.

A Layisoni si munthu woipa, ndipo n'chimene chimandipweteka kwambiri. Bokosi la amalume anakhoma ndi iwo, simenti ya chiliza anasenza ndi iwo. Mpaka lero amakhulupirira kuti kagalu kaja kanabadwa kolumala chifukwa mayi wake anali wokalamba, ndipo mudzi wonse umagwirizana nawo. Ndikayamba kufotokoza za mgaiwa ndi zigoba za mazira, amaseka n'kunena kuti mzimu wa amalume wandilowa.

Titachoka kumanda Loweruka ndinakwera ndekha kumtunda. Chilindo chinagwa, mitengo yake yangoti mbwee m'udzu. M'munda mwamera tsekera wofika m'khosi, ndipo njira imene ikudutsamo si ya anthu, yapondedwa ndi anyani, ndipo yalunjika kumunda wanga, umene tsopano ndi woyamba kuchokera kuphiri. Nyanja ija inadzazanso. Ndili pamenepo ndinkamva belu la njinga kumunsi, munthu akuitanira matemba, ochuluka moti masiku ano ana amasiya mitu m'mbale.

Nyumba ya amalume ikadalipo, chitseko chomangidwa ndi luzi. Phale lili pakhonde pomwe linkakhala, lodzaza madzi a mvula. Kamtondo ndinakapeza pakona, ndipo ndinati ndikatenge, poti a Layisoni alonjezedwa kagalu ndi anzawo a ku Naisi. Nditakanyamula, pansi pake panatsala pomwepo, chiswe chinadya kalekale. Pamwamba pa chitseko, pansi pa denga, mavu amanga chisa chachikulu. Ndinauza a Layisoni madzulo ake kuti tikachiotche. Anati ndisachikhudze, ali nacho ntchito.